Eriyo yolunjika mbali imodzi m'nyumba ya mashelefu achitsulo: yathandiza kompyuta, yagwetsa timakina toyenda nato

Funso: Ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu, yaitali mamita pafupifupi 60, ya denga la malata, ndipo mkati muli mizere ya mashelefu achitsulo. Rauta ya Wi-Fi ili pa khoma la ofesi kumapeto kwa nyumbayi. Kompyuta ya pa khomo lotulutsira katundu, kumapeto enawo, netiweki yake inkangokwera n'kutsika. Wogulitsa zipangizo anandiuza kuti vuto ndi fading ndipo eriyo yolunjika mbali imodzi ya 14 dBi ithetsa zonse. Ndinagula n'kuiika m'malo mwa timaeriyo ta rauta. Kompyuta ija tsopano ikuyenda bwino, kupatula forklift ikaima pakati. Koma timakina towerengera ma barcode, timene anyamata amayenda nato pakati pa mashelefu, tikuduka kuposa kale. Kodi eriyo yotere imathetsadi fading, kapena ndinataya ndalama?

Yankho: Ndalama simunataye, koma wogulitsayo anakuuzani mbali imodzi yokha ya nkhani. Zitatu mwafotokozazi, kuchira kwa kompyuta, kuduka forklift ikaima, ndi kuvutika kwa timakina, gwero lake ndi limodzi. Eriyo yolunjika sipanga mphamvu yatsopano ndipo sichotsa fading. Ntchito yake ndi kusankha. Mwa njira zambirimbiri zimene mafunde a wailesi amadutsa pakati pa rauta ndi chipangizo chanu, imakweza zochepa zimene zili kutsogolo kwake n'kutsitsa zina zonse. Pakakhala njira imodzi yamphamvu yoti isankhe, zotsatira zake zimakhala zabwino kwambiri. Pakapanda njira yoteroyo, imangokulandani njira zimene zinkakusungani.

Anthu akamati netiweki yafooka amaphatikiza zinthu zimene eriyo imachita nazo mosiyana. Mtunda ndi wosavuta kumvetsa. Pa 2.4 GHz, pamalo opanda chotchinga, mita yoyamba yokha imadya 40 dB, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri pamapita 6 dB ina, moti pa mamita 60 mwataya pafupifupi 76 dB. Kwa amene ma dB sanawazolowere: 3 dB ndi kuwirikiza mphamvu kawiri kapena kuigawa pakati, 10 dB ndi kakhumi, 20 dB ndi ka 100. Palinso kutchingidwa, pamene khoma, mulu wa katundu kapena forklift yaima panjira. Koma chimene akatswiri amatanthauza kwenikweni akamati fading m'nyumba ndi china: mphamvu kusintha kwambiri mutangosuntha chipangizo masentimita ochepa, china chilichonse chili pomwe chinali.

Chimachitika ndi ichi. Mafunde akachoka pa eriyo sayenda njira imodzi. Ena amapita molunjika, ena amagunda malata n'kubwerera pansi, ena amanjanja pa simenti, pa mashelefu, pa chitseko chachitsulo, ena amakhota pa ngodya. Onse amakafika pa eriyo yolandira, lililonse litayenda mtunda wake, ndipo eriyoyo imangowaphatikiza. Funde la 2.4 GHz ndi lalitali masentimita 12.5. Awiri akafika nsonga zawo zikugwirizana, amathandizana. Lina likatsalira ndi theka la utali umenewo, masentimita 6 okha, nsonga yake imagwera m'chigwa cha linzake ndipo amafafanizana. Pa 5 GHz theka limenelo ndi masentimita 3. Choncho nyumba yanu yadzaza ndi maenje osaoneka, otalikirana masentimita owerengeka, ndipo munthu kapena katundu akasuntha, maenjewo amasunthanso.

Mutha kudzionera nokha. Tengani foni yokhala ndi pulogalamu yoonetsa mphamvu ya Wi-Fi mu dBm, muiike pa thabwa pakati pa mashelefu, inu muime pamalo amodzi. Ikankheni masentimita awiri kapena atatu, dikirani nambala ikhazikike, lembani, kankhaninso. Manambala ake amakhala ndi minus kutsogolo, ndipo -60 ndi yamphamvu kakhumi kuposa -70. Musanamalize theka la mita mudzaona nambala ikudumpha ma dB angapo uku ndi uku, pamene mtunda wopita ku rauta sunasinthe kwenikweni. Ndipo zimene foni ikukuonetsanizo ndi zosalazidwa kale, chifukwa imatenga avereji ya chanelo yonse. Maenje enieni, pa frequency imodzi, ndi akuya kuposa pamenepo.

Kuya kwake kunawerengedwa wailesi isanabwere n'komwe. Mu 1880 Lord Rayleigh anapeza masamu a zimene zimachitika mukaphatikiza mafunde ambiri a frequency imodzi ofika mwachisawawa, ndipo mpaka lero fading ya pamalo opanda njira yolunjika imatchedwa ndi dzina lake. Masamuwo amati pa malo 10 alionse, amodzi mphamvu imakhala itatsika ndi 10 dB kapena kuposa poyerekeza ndi avereji, ndipo pa malo 100 alionse, amodzi yatsika ndi 20 dB. Mu 1944 ndi 1945 Stephen Rice wa ku Bell Labs anafalitsa masamu a phokoso lachisawawa, kuphatikizapo pamene mkati mwake muli funde limodzi lokhazikika, ndipo ndi amene timagwiritsa ntchito pakakhala njira imodzi yoposa zinzake. Nambala yofunika pamenepo timaitcha K: mphamvu ya njira yaikuluyo poigawa ndi mphamvu ya zonjanja zonse pamodzi. K ikakhala ziro tabwerera kwa Rayleigh. K ikafika 10, dzenje la 10 dB lija, limene linali pa malo amodzi mwa 10, limapezeka pa malo osakwana amodzi mwa 1,000. Funso lanu lonse lagona pamenepa: kodi eriyo yolunjika ikukweza K kapena ayi?

Ganizirani muli m'holo yaikulu yopanda mipando, munthu akulankhula kutsogolo, makoma akubwereza mawu ake. Mukapinda dzanja kuseri kwa khutu n'kulozetsa kwa iye, mawu ake amamveka bwino ndipo za m'makoma zimachepa. Koma akakhala m'chipinda china, inu n'kumangomva zobwerera m'makoma, dzanja lija silikupatsani kanthu. Mwangosankha khoma limodzi n'kusiya enawo.

14 dBi yolembedwa pa bokosi ikutanthauza kuti kutsogolo kwenikweni eriyo imatumiza, ndiponso imamva, kuwirikiza ka 25 poyerekeza ndi eriyo yongoganizira imene imamwaza mofanana mbali zonse. Timaeriyo ta rauta timakhala pa 2 dBi kapena kuposerapo pang'ono. Mkati mwa eriyo yanu mulibe chokuzira mphamvu. Zimene zawonjezeka kutsogolo zachotsedwa m'mbali ndi kumbuyo, ndipo pa 14 dBi mpata wotsala ndi madigiri pafupifupi 30 mpaka 35. Kwa kompyuta ya pa khomo, imene ikuonana ndi eriyo, funde lolunjika lakwera ndi ma dB ngati 12, pamene mafunde amene ankayamba apita kumbuyo kapena m'mbali n'kunjanja kangapo asanafike atsika. K yakwera, maenje achepa. Apo wogulitsa ananena zoona.

Ngakhale pamenepa, musayembekezere kuti K yakwera ndi 12 dB yonseyo. M'nyumba yaitali zonjanja zoopsa kwambiri zimachokera kutsogolo komweko. Tiyerekeze kuti eriyo ya rauta ndi ya kompyuta zonse zili mamita 3 pansi pa denga ndipo zatalikirana mamita 60. Funde logunda denga pakatikati limachoka pa eriyo litapendekeka madigiri osakwana 6, mkatikati mwa mpata wa madigiri 30 uja, choncho limakwezedwa pafupifupi mofanana ndi lolunjika. Malata amabweza mphamvu pafupifupi yonse. Njira yake ndi yotalika ndi masentimita 30 okha kuposa yolunjika. Lonjanja pa simenti nalo n'chimodzimodzi. Ndiye mwatsala ndi mafunde awiri kapena atatu a mphamvu zoyandikana, ndipo awiri a mphamvu zofanana ndi amene amafafanizana kotheratu kuposa ena onse. Eriyo ya 14 dBi singawalekanitse. Mwayi wake, mankhwala ake ndi otchipa. Pa miyezo tayerekezayi, kukweza kapena kutsitsa eriyo imodzi ndi masentimita 60 kumasintha kusiyana kwa njira ziwirizo ndi masentimita 6, kuchoka m'dzenje kufika pa nsonga. Musanamange mabawuti, yendetsani eriyo m'mwamba ndi pansi pa khoma mnzanu akuwerenga nambala pa kompyuta.

Za forklift ndi kutchingidwa, ndipo apa eriyo yolunjika imakulitsa kugwa. Kale funde lolunjika likatsekeka, zonjanja za m'mbali zinkagwirizira. Tsopano mwatsamira pa njira imodzi. Mwina pomwe mukugwerapo si potsika kwambiri kuposa kale, koma kugwako ndi kwadzidzidzi, ndipo rauta imene inali itakwera pa liwiro lapamwamba imataya mapaketi a deta isanapeze liwiro lotsika loyenera. Dziwaninso kuti funde silidutsa pa kamzere kowonda kokha. Limafuna mpata wozungulira mzere wolunjikawo, wotchedwa Fresnel zone, wonenepa pakati ndi wowonda kumapeto. Pa mamita 60 ndi 2.4 GHz, pakatikati mpatawu umafika mamita 1.4 kuchoka pa mzere kupita mbali iliyonse, ndipo amisiri amafuna kuti 60 peresenti yake, masentimita 80 kapena kuposerapo pang'ono, pakhale popanda kanthu. Forklift yonyamula katundu m'mwamba sifunika kuima pa mzere weniweni kuti ikudyereni ma dB. Eriyo zonse ziwiri zikwere kupitirira pamene forklift imafika, osati ya rauta yokha.

Tsopano timakina ta anyamata, pamene pali nkhani yeniyeni. Kamakina kali pakati pa mizere iwiri ya mashelefu achitsulo sikaonana ndi rauta. Chilichonse chimene kakulandira chanjanja penapake: chatsika kuchokera kudenga, chalowera kumapeto kwa mzere, chadutsa m'mipata ya katundu. Njira za mafunde ndi zomwezo popita ndi pobwera, choncho kwa rauta mafunde a kamakinako amafika kuchokera mbali zambiri. Apa nambala ya pa bokosi imasiya kugwira ntchito. Mphamvu ikamabwera mofanana kuchokera mbali zonse, eriyo ya 14 dBi ndi ya 2 dBi zimatola zofanana pa avereji, chifukwa yoyambayo imamva ka 25 koma ikumvera kagawo kamodzi kokha mwa magawo 25 a malo oizungulira. Gain yonse ija, kukweza kwa 14 dBi kolembedwa pa bokosi, yasungunuka. M'nyumba yeniyeni mphamvu sibwera mofanana ndendende, ndiye zimatengera pamene munthu waima. Mizere imene ili mkati mwa mpata wa eriyo ipindulako, pamene mizere yoyandikana ndi ofesi, imene yatsala m'mbali mwa eriyo, itaya 10 dB kapena kuposa. Ndikukhulupirira mukafunsa anyamatawo adzakuuzani kuti kwina kumene kukuduka tsopano ndi kufupi ndi rauta, kumene kale kunalibe vuto.

Wina angaganize kuti mpata ukachepa, mafunde olowa achepa mpaka kutsala limodzi, fading n'kutha. Zoyeza zimakana. Mu 1987 Adel Saleh ndi Reinaldo Valenzuela a ku Bell Labs anayeza m'nyumba ya maofesi pa 1.5 GHz n'kupeza kuti mafunde amafika m'magulumagulu, gulu lililonse lili ndi mafunde ambiri otsatizana. Mu 2000 Quentin Spencer ndi anzake a ku Brigham Young University anaonetsa kuti gulu lililonse limakhalanso ndi mbali yake yochokera, ndipo limatambalala madigiri makumi angapo. Eriyo yanu ikasankha gulu limodzi, m'gulumo mudakali mafunde okwanira kufafanizana. Komanso eriyo ya pa khoma la ofesi ilibe chonena pa zimene zikuchitika m'mamita awiri omaliza, pamene mafunde akunjanja pa zitsulo zozungulira kamakina. Kumeneko K idakali pafupi ndi ziro, ndipo maenje ndi akuya monga kale.

Koma chimene ine ndikuchiloza chala kwambiri ndi china. Mwati munaika eriyo yatsopano m'malo mwa timaeriyo ta rauta. Timaeriyo tiwiri kapena titatu timeneto sitinali tokongoletsera. Ndi chida chenicheni chimene Wi-Fi imalimbanira ndi fading. Popeza maenje ndi ang'onoang'ono, eriyo ziwiri zotalikirana theka la funde kapena kuposa kawirikawiri sizigwera m'dzenje nthawi imodzi. Ngati mwayi woti imodzi itsike ndi 10 dB uli 1 pa 10, woti zonse ziwiri zitsikire limodzi uli 1 pa 100, ndipo zitatu 1 pa 1,000. Onani kuti timaeriyo wamba titatu tikukupatsani chitetezo choyandikana ndi cha K ya 10 ija, popanda kufuna njira yolunjika. Kuyambira pa mtundu wake wotchedwa 802.11n wa mu 2009, Wi-Fi inapitirira pamenepo. MIMO, imene maziko ake anaikidwa ndi anthu ngati Gerard Foschini wa ku Bell Labs mu 1996, imatumiza deta yosiyana pa eriyo iliyonse pa chanelo imodzi, ndipo chimene chimathandiza wolandira kuilekanitsa ndi zonjanja zomwezo. Kwa MIMO, mashelefu anu achitsulo ndi chuma. Mukamanga eriyo imodzi yolunjika polumikizira pamodzi, penapo n'kusiya popanda kanthu, mwataya chitetezo ndi liwiro lomwe. N'chifukwa chake eriyo zolunjika zopangidwira Wi-Fi ya masiku ano zimakhala ndi nthambo ziwiri kapena kuposa, mkati muli eriyo zopingasana. Kayang'aneni yanu ili ndi nthambo zingati.

M'mabuku mudzapeza phindu lina la eriyo zolunjika likutchulidwa kwambiri, ndipo ndi loona: zimachepetsa mafunde ochedwa. Funde limayenda masentimita 30 pa nanosekondi imodzi (ns mwachidule, gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), ndiye lozungulira mamita 30 owonjezera limafika litachedwa ndi 100 ns, ndipo pa wailesi yotumiza mothamanga limagwera pa chizindikiro chotsatira cha deta n'kuchisokoneza. Saleh ndi Valenzuela anapeza kumwazikana kwa nthawi kumeneku kuli cha m'ma 25 ns m'maofesi awo, osapitirira 50 ns. M'mafakitale ndi m'nyumba zazikulu zachitsulo kumaposa pamenepo, nthawi zina 100 ns ndi kupitirira. Koma pa Wi-Fi phindu limeneli ndimaliona laling'ono. Kuyambira pa 802.11a ya mu 1999, OFDM, njira imene Wi-Fi imatumizira deta, imasiya kampata ka 800 ns pakati pa zizindikiro, kokwanira funde lozungulira mamita 240 owonjezera. Nyumba ya mamita 60 sidzaza kampata kameneko mosavuta.

Ndipo apa pali chobisika chimene ngakhale ogwira ntchitoyi ambiri sachiganizira. OFDM imagawa chanelo ya 20 MHz m'tizigawo tambiri toyandikana, totalikirana 312.5 kHz pa Wi-Fi ya 802.11a mpaka 802.11ac. Mafunde awiri osiyana 100 ns amafafanizana pa 10 MHz iliyonse, kutanthauza kuti m'chanelo yanu tizigawo tina tili m'dzenje pamene tambiri tili bwino, ndipo masamu okonza zolakwika amabwezeretsa zotayikazo. Koma mafunde awiri osiyana 1 ns, ngati lolunjika ndi la kudenga lija, maenje awo amatalikirana 1,000 MHz ndipo lililonse ndi lotambalala, ndiye likakugwerani limameza chanelo yonse nthawi imodzi. Eriyo yolunjika imachotsa ochedwa kwambiri, amene Wi-Fi imadziwa kale kuwapirira, n'kusiya ochedwa pang'ono, amene alibe mankhwala mkati mwa chanelo. Pakakhala funde limodzi loposa onse izi sizivuta. Pakapanda, mwasinthanitsa fading yofewa ndi yolimba.

Pali nzeru ina yokanira lonjanja la kutsogolo, ngakhale sindikuona kuti ndi yanu. Eriyo za circular polarization zimatulutsa funde loyenda likuzungulira kumanja kapena kumanzere. Likagunda chitsulo kamodzi limatembenuka, lakumanja n'kukhala lakumanzere, ndipo eriyo yolandira yakumanja imalikana. Theodore Rappaport wa ku Virginia Tech ndi mnzake anasonyeza mu 1992 kuti eriyo zolunjika zoterezi zimachepetsa mafunde ochedwa m'nyumba kuposa eriyo wamba, mbali ziwirizo zikamaonana. Koma zimafunika kumbali zonse ziwiri. Kwa kamakina kokhala ndi eriyo wamba mumangotaya 3 dB.

Marauta atsopano amalunjika mwa njira ina, imene ine ndimaikonda m'nyumba. Mu beamforming, imene inakhazikika bwino ndi 802.11ac mu 2013, rauta imatumiza kapaketi koyesera, chipangizo chimayankha mmene chamvera eriyo iliyonse, kenako rauta imasintha kachedwedwe ka funde pa eriyo iliyonse kuti zonjanja zikafike zikuthandizana pamalo pamene pali chipangizocho. Imabwereza zimenezi pafupipafupi munthu akamayenda, malinga ngati chipangizo chake chimadziwa kuyankha, ndipo timakina takale tambiri sitidziwa. Pa 60 GHz, Wi-Fi ya 802.11ad ya mu 2012, funde ndi mamilimita 5 okha, mita yoyamba imadya 68 dB, moti kulunjika n'kosapeweka, ndipo thupi la munthu lingadule 20 dB kapena kuposa. Zipangizo zake zimapulumuka pokhotetsa mpata wake msanga kuloza khoma limene likubweza funde. Eriyo yomangidwa ndi mabawuti singachite zimenezo.

Mwachidule za malamulo ndi nthambo. Mayiko ambiri amaika malire pa mphamvu yotuluka kutsogolo kwa eriyo, gain itawerengedwa kale. Ku Ulaya, pa 2.4 GHz, malirewo ndi 100 mW, kapena 20 dBm. Rauta imene inali kale pa malire mukaiwonjezera 12 dB muyenera kutsitsa mphamvu yake ndi 12 dB yomweyo, ndiye phindu limatsala pa kumva kokha. Ku United States amalola 1 W pa eriyo yosapitirira 6 dBi, ndipo kupitirira apo mphamvu iyenera kutsika. Fufuzani malire a dziko lanu. Nthambo nayo imadya. Yopyapyala ya RG-58 imataya pafupifupi 1 dB pa mita iliyonse pa 2.4 GHz, choncho mamita 5 akulandani gawo lalikulu la zimene munalipira.

Ndikanakhala ine, ndikanabwezeretsa timaeriyo ta rauta lero lomwe. Kompyuta ya pa khomo ndikanaikokera nthambo ya Ethernet. Malire ake ndi mamita 100, inu muli ndi 60 kuphatikiza zokwera ndi zotsika m'makoma, ndipo nthambo sidziwa forklift. Ngati nthambo ndi yosatheka, eriyo munagulayo ichoke pa rauta ipite pa kompyuta, kudzera pa adaputa ya Wi-Fi yokhala ndi polumikizira eriyo yakunja. Kumeneko kuli chipangizo chimodzi chosasuntha choyang'ana malo amodzi. Gain ija mudzaipezabe, chifukwa imagwira popita ndi pobwera, ndipo palibe amene alandidwe netiweki.

Pa timakina, musalimbane ndi kuboola mizere ya zitsulo ndi mphamvu. Kapatseni kalikonse njira yolunjika. M'nyumba za mashelefu aatali amisiri amaika access point, kabokosi kofalitsa Wi-Fi ngati rauta, kumapeto kwa mzere ndi eriyo yolunjika yoloza m'mzeremo, kapena kudenga pamwamba pa mzere yoyang'ana pansi. Apo eriyo yolunjika imakhala pamalo pake, chifukwa ikuonana ndi kamakina paliponse m'mzeremo, K ndi yaikulu, ndipo zitsulo za m'mbali zimathandiza kutchinga access point ya mzere wina kuti zisamasokonezane. Ngati mashelefu anu ndi aafupi, osayandikira denga, access point ziwiri kapena zitatu za eriyo wamba zopachikidwa pamwamba pa mashelefu zingakwane, ndipo nthambo ya Ethernet yomweyo ingazipatse magetsi kudzera pa njira yotchedwa PoE.

Poyeza malo oika, gwiritsani ntchito kamakina komweko, osati laputopu, chifukwa eriyo yake ndi yaing'ono ndipo dzanja la munthu limaiphimba. Yezani mashelefu atadzaza. Makatoni a mapepala, zakumwa ndi chilichonse cha madzi zimamwa mafunde, zitini ndi zitsulo zimawabweza, ndiye nyumba yopanda katundu imanama. Okonza netiweki ambiri amafuna -67 dBm kapena yamphamvu kuposa pamenepo paliponse pamene kamakina kamagwira ntchito. Si kuti Wi-Fi imafa pa -68, koma amafuna pakhale malo ogwera dzenje likabwera. Avereji isakunyengeni: siyani ping, pulogalamu yotumiza mapaketi oyesera n'kudikira yankho, ikuyenda mnyamata akuyenda mzere wonse, muwerenge mapaketi otayika ndi pamene atayikira. Ndipo pena mukakakamizika kugwiritsa ntchito eriyo yolunjika pamalo osaonana, musailozetse ndi maso kumene kuli chipangizo. Itembenuzeni madigiri 10 nthawi imodzi mukuwerenga nambala mpaka mutazungulira. Nthawi zambiri yabwino imapezeka ikuloza khomo lotseguka, kolido kapena denga, ndipo katundu akasamutsidwa muyenera kuyezanso.